Moni wa Che Swaleh

Nthawi inali itangodutsa sikisi koloko m'mawa, ndipo mvula imene inagwa masiku atatu osapuma inali italeka. Kumwamba kunayera ngati kwachapidwa. Msewu wa tala unkafuka nthunzi, ndipo minibasi imene Towera Mwafongo anakwera pa Uliwa inkathamanga mawindo ali otsegula, chifukwa fungo la zovala zonyowa ndi la usipa linali litakula mkatimo.

Towera anali mlangizi wa zaumoyo, ngakhale kumudzi kumene ankagwira ntchito aliyense ankangomutcha adokotala. Pamiyendo pake anafungatira bokosi la buluu la katemera wa chikuku. Kuchipatala kumene anakalitenga magetsi anali atavuta masiku onse a mvulawo, choncho timabotolo ta madzi oundana timene amaika m'bokosimo kuti katemera azizizira sitinaume bwino. Namwino pomupatsa bokosilo analigwedeza, namva madzi akulira mkati, nati:

"Ikakwana thweluvu koloko musanabaye ana, muzingobwera naye tidzataye. Wina sabwera mpaka mwezi wamawa."

M'kaundula wa Towera munali mayina a ana makumi anayi ndi atatu. M'mudzi woyandikana ndi kwawo kwa anawo, chikuku chinali chitagoneka kale ana awiri.

Ulendo wake wa tsiku ndi tsiku unali wa zigawo ziwiri. Choyamba chinali cha minibasi, kuchoka pa Uliwa kukatsika pa mphambano ya ku Wovwe. Chachiwiri chinali cha kabaza, makilomita asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo anali a kamsewu ka dothi kodutsa pakati pa minda ya mpunga, ngalande yayikulu ikuyenda pambali pake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chigawo chachiwirichi ankachiyenda pa njinga imodzi, ya Che Swaleh.

Che Swaleh anali Myao wa ku Mangochi. Anabwera kuno ali mnyamata kudzathandiza mkulu wawo pa golosale, mkuluyo atabwerera kwawo iwo anatsala, nagula njinga. Tsopano ndevu zinali za imvi. Njinga yawo inali yaudongo, kampando ka kumbuyo kali ndi khushoni yosokedwa bwino, koma inali ndi vuto limodzi: mwini wake sankadutsa munthu osamupatsa moni. Aliyense wowerama m'munda wa mpunga ankamutchula dzina. "Mwawuka uli, Nyagondwe? Mwana uja wachira?" Ankachepetsa liwiro kuti amve yankho, yankholo likatalika ankatsitsa phazi pansi. Chitumbuka chawo chinali cholemera, cha mkamwa mwa Myao, ndipo alimi ankachiseka, koma ankayankha onse. Njira ya mphindi makumi anayi inkatha ola lathunthu. Towera anali atawadandaulira kangapo, ndipo sabata yathayo anali ataganiza mumtima zoyamba kukwera njinga yamoto ya Lawi, imene inkadutsa mindayo ngati mphepo.

Atatsika minibasi anapeza njinga zamoto zonse zitaima pansi pa mtengo wa mango. Lawi anali atagona chagada pa yake, chipewa chitaphimba nkhope.

"Adokotala, lero holide," anatero osadzuka. "Mtsinje wasefukira. Sikimu yonse ya mpunga ndi nyanja. Ndapita ndekha, ndabwerera pa mjigo."

"Nanga njira ya kumtunda?"

"Mlatho wa matabwa uja wapita dzulo. Mwina pano uli ku Tanzania."

Towera anayang'ana bokosi lake, nayang'ana foni. Inali hafu pasiti sikisi.

Che Swaleh anali atanjuta pambali, akupukuta tcheni ndi kansanza. Anadzuka pang'onopang'ono, nagwedeza khushoni kuti madzi achoke.

"Kwerani, adokotala, tikaone."

Lawi anachotsa chipewa kumaso. "Che Swaleh, njinga yanu yamera nkhafi? Pitani, koma musaiwale kupereka moni kwa achule."

"Achule amayankha," anatero Che Swaleh. "Iwe ukamva moni umangoliza hutala."

Anyamata a njinga zamoto anaseka, ndipo Towera anakwera, bokosi lili pamiyendo.

Anayenda m'matope mpaka pa mjigo umene Lawi ananena. Pamenepo msewu umatsetserekera m'chigwa cha mpunga. Che Swaleh anagwira mabuleki, Towera anatsika, ndipo anaiwala kuyang'ana foni.

Minda kunalibe. Ngalande, timizere togawa minda, kamsewu, mpunga umene unali utayamba kutulutsa ngala, zonse zinali pansi pa madzi. Madziwo sankathamanga. Anali atakhazikika, atayala kuchokera pamapazi pawo mpaka ku mitengo ya nthochi ya kutsidya, ndipo m'menemo munali thambo lonse, mitambo yake yomwe, ndi mapiri a kumadzulo ataima chadodolido. Munthu sakanatha kuloza pamene pathera dziko ndi pamene payambira kumwamba. Kunali zii. Phokoso la pampu ndi la makasu, limene Towera ankalimva m'mawa uliwonse osalilabadira, linali litachoka, ndipo kusowa kwake kunkamveka m'makutu.

Chimene chinatsala pamwamba pa madzi chinali nsonga za timitengo toopsezera mbalame. Tinali tambirimbiri, titamwazikana paliponse, kalikonse kali ndi kansanza kake kapena jumbo. Pa tina panatera akakowa, aliyense ali ndi mnzake wozondoka pansi pake.

Pagombe la madziwo panaima anthu ochepa amene nawonso ankadutsa njirayi tsiku ndi tsiku. Panali a Reginald Kayange, mphunzitsi wa pa pulayimale ya kutsidya, nsapato zili m'manja, ambulera ili kukhwapa. Panali Fainess ndi dengu lake la tomato, ndi amuna awiri ogwira ntchito pa chigayo cha mpunga. Onse ankalankhula motsitsa mawu, ngati ali m'tchalitchi.

"Ndinathira mwendo," anatero a Kayange. "Pamsewu madzi akulekeza m'mawondo. Koma msewuwo uli pati? Ukaphonya phazi limodzi, uli m'ngalande, ndipo ngalande ija imamiza munthu woimirira."

Che Swaleh anayandikira m'mphepete mwa madzi. Anaima atagwira njinga, maso akuyenda pang'onopang'ono pa timitengoto, milomo ikugwedera ngati munthu wowerenga kalata. Anatenga nthawi. Kenaka anavula masilipasi, nawamangirira ku hendulo, napinda thalauza.

"Adokotala, ayisi wanu akhala mpaka nthawi yanji?"

"Thweluvu."

"Bweretsani bokosi."

Analimangirira pa khushoni ndi mphira, nalikoka kawiri kuti aone ngati lagwira.

"Che Swaleh," anatero Towera, "msewu simukuuona."

"Msewu sindikuuona. Koma eni minda ndikuwaona." Analoza ndi chibwano. "Chitenje chofiira icho, cha Nyagondwe. Munda wake umagunda msewu kumanja. Shati ya yunifolomu iyo, ya Msiska, kumanzere, kuseri kwa ngalande. Tidutsa pakati, koma motsamira kwa Nyagondwe."

"Mukuzidziwa zonsezi?"

"Si ndimawafunsa? Munthu akamamanga nsanza yake ndimaima, ndimamufunsa kuti mbalame zachuluka chaka chino. Inu mumakhala mukuyang'ana wotchi."

Ananena izi mopanda mkwiyo, ali kalikiliki kumanga mphira. Towera anavula nsapato zake, naziika m'chikwama, namanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Anaganiza za ngalande. Anaganizanso za mayina makumi anayi ndi atatu aja, ambiri a iwo ana amene anawayeza pa sikelo ali ndi sabata imodzi. Anagwira kaliyala wa njinga ndi dzanja lamanja.

"Amene akubwera agwire phewa la mnzake," anatero Che Swaleh. "Pamene ndaponda ine ndi pamene mupondepo. Wina asandithandize kuganiza."

A Kayange anagwira phewa la Towera, Fainess anasenza dengu nagwira malaya a aphunzitsi, amuna a kuchigayo anatseka kumbuyo. Che Swaleh ananong'ona "Bismillah," nakankhira tayala lakutsogolo m'madzi.

Madzi anali ozizira kuposa m'mene ankaonekera. Anakwera m'akakolo, m'miyendo, nafika m'mawondo, nalekeza pomwepo. Pansi Towera anamva dothi lolimba la msewu, ndi mikwingwirima ya matayala a ngolo imene mapazi ake anaizindikira ngakhale anali asanaipondepo chiyambire. Mapiri amene anali m'madzi anasweka patsogolo pa tayala, nakalumikizananso kumbuyo kwa munthu womaliza.

Che Swaleh ankayenda polepole, akukankha njinga patsogolo kuti tayala liyambe ndilo kulawa pansi. Ndipo ankalankhula, osati ndi anthu a kumbuyo kwawo, koma ndi timitengo.

"Mwawuka uli, Nyagondwe. Yewo, tadutsa. Mwawuka uli, a Sichali, jumbo yanu yakuda ndaiona. Inu munda wanu umalowa mumsewu, chaka chilichonse mumaba phazi limodzi, ndiye tikutalikirani pang'ono. Mwawuka uli, Nyakayira."

Fainess anayamba kuseka chamumtima, dengu likugwedera pamutu. Koma posakhalitsa analeka, chifukwa dzina lililonse likatchulidwa, phazi linkapeza nthaka. Towera anayesa kuyang'ana timitengoto kuti aone chimene mkuluyu ankaona. Kwa iye tinali nsanza basi, tofanana tonse, titabalalika popanda mzere. Kwa Che Swaleh unali mudzi wathunthu, aliyense ataima pakhomo pake.

Anadutsa kamtengo kamene kanali ndi nsalu yobiriwira yamabowobowo. Towera anakayang'anitsitsa.

"Imeneyo ndi neti ya udzudzu. Ndinagawa ndine chaka chatha."

"Ya a Mwenitete," anatero Che Swaleh. "Musawakalipire lero, adokotala. Ikutisonyeza pokhota."

Apa ngakhale a Kayange anaseka. Anakhotera kumanzere, ndipo msewu unali pomwepo, pansi pa mapazi awo.

Dzuwa linakwera. Towera sanathe kutulutsa foni chifukwa dzanja limodzi linali pa kaliyala, lina likuthandiza bokosi kuti lisapendekeke, koma kutentha kwa pakhosi pake kunamuuza kuti nthawi ikupita. Kumbuyo gombe linali litatalika, anthu amene anatsala pa mjigo akuoneka ngati nyerere. Kutsogolo nthochi zinali zisanayandikire. Anali pakati penipeni, anthu asanu ndi mmodzi ndi njinga, thambo lili pamwamba, thambo lili pansi. Kansomba kanamugunda mwendo nkupitirira, kakudutsa msewu ngati kali ndi ulendo wake.

Ndipo Che Swaleh anaima.

Patsogolo pawo timitengo tinatha. Panali danga lalikulu la madzi okhaokha, osalala, opanda kansanza ngakhale kamodzi. Kutali pang'ono, molunjika kumene ankapita, kunali kamtengo kamodzi kokhala ndi chigubu chachikasu chodulidwa pakati. Kena kanali kumanja, patali kwambiri, kali ndi kanthu koyera.

Anaima nthawi yaitali. Madzi apa ankakoka pang'ono m'miyendo.

"Tiyeni tilunjike pa chigubucho," anatero a Kayange. "Msewu umapita chomwecho, ndimadutsa pano tsiku lililonse."

"Mumadutsa mukuwerenga foni, aphunzitsi."

"Koma chikuoneka poyera. Mzere wake ndi wowongoka."

"Chigubucho ndi cha Kayira. Kayira ali ndi minda iwiri, ndipo zigubu zake ndi ziwiri. Cha kumsewu madzi atenga. Icho ndi cha munda wa kutsidya kwa ngalande." Anatambasula dzanja chambuyo. "Bwerekeni ambulera."

Ambulera inadutsa m'manja mwa Towera. Che Swaleh anaigwira kumapeto kwa chigwiriro, nawerama, naibaya m'madzi patsogolo pa tayala, molunjika ku chigubu chija. Inalowa yonse. Dzanja linalowa, chigongono chinalowa, madzi anafika paphewa, ndipo pansi sipanapezeke. Anaitulutsa, naikutumula, naibweza.

A Kayange anailandira. Towera anamva zala zawo zikulimba paphewa pake.

"Nanga pano bwanji palibe timitengo?" anafunsa Towera, mawu atatsika. "Madzi atenga tonse?"

"Ayi. Pano chaka chino sipanaikidwe kanthu." Che Swaleh anapukuta nkhope ndi dzanja lonyowa. "Ndi munda wa a Mhango. Anamwalira mwezi wa Febuluwale, atangomaliza kuwokera. Ndinawanyamula ndine kupita nawo kumsewu tsiku limene anadwala. Mayi a kunyumba sanabwerebe kumunda. Ndinawaona Lachisanu, akuti mwina ukatha mwezi uno."

Anayang'ana dangalo.

"Munda wa a Mhango ndi wautali. Msewu umauzungulira, umakhotera kumanja, kenaka pamapeto pake pali kalavati, kamlatho ka simenti. Pa kalavatipo ndi pamene ndinkaima, iwo ali pa mzere wawo, tikucheza. Nthawi zonse nsana wanga unkayang'ana mtengo wa mgwalangwa uwo, nkhope ikuyang'ana shati yoyera ya Nyamsukwa." Anatembenuka, napeza mgwalangwa umene unaima wokha m'madzi chakumbuyo, natembenukanso kuyang'ana kanthu koyera kaja. Anasuntha njinga mpaka zinthu ziwirizo zinakhala pa mzere umodzi ndi iwo. "Kalavati ndi yopapatiza. Gwiranani bwino."

Kenaka, motsitsa mawu, anati, "Mwawuka uli, a Mhango. Tikudutsa."

Palibe anaseka. Analowa m'dangalo, mapazi akukwakwaza pansi. Madzi anakwera kufika m'ntchafu, ndipo Towera anakweza bokosi ndi dzanja ngakhale linali lomangidwa. Kumanzere ankamva kukoka kwa ngalande, kozizira kuposa madzi ena onse, kukunyambita mwendo wake. Sanayang'ane kumeneko. Anayang'ana khosi la Che Swaleh, makwinya ake, ndi ulusi umene unatuluka pa kolala ya malaya awo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi khosi limeneli linali patsogolo pake m'mawa uliwonse.

Tayala linagunda chinthu cholimba. Phazi la Towera linaponda simenti, yokhakhala, yosaterera. Anayenda masitepe asanu ndi limodzi pa simentiyo, kenaka dothi linabwereranso, ndipo madzi anatsikira m'mawondo.

"Yewo, a Mhango," anatero Fainess kumbuyo.

Kuchokera apo timitengo tinachulukanso, ndipo mayina anayambiranso. Nyamsukwa. A Mwalwanda aang'ono. Nyachirwa wa ana amapasa. Ena mwa mayinawo Towera anawazindikira: anali amayi a ana a m'kaundula wake. Ankawadziwa ndi manambala a nyumba ndi masiku a katemera. Sankadziwa kuti Nyachirwa amamanga thewera lakale pa kamtengo kake.

Kutsidya anthu anali atawaona kale. Anasonkhana pansi pa nthochi, amayi ali ndi ana kumbuyo, ataima duu, osakuwa, osaimba. Madzi atatsika kufika m'akakolo, mayi wina wachikulire anayandikira nayang'ana Che Swaleh, nayang'ana madzi a kumbuyo kwawo, amene anali atatsekanso ngati sipanadutse munthu.

"Mwadutsa pati, ŵadada?"

"Pamsewu, amama. Ulipo."

Towera sanadikire kuvala nsapato. Anamasula bokosi, nayenda nalo mothamanga mpaka pa mtengo wa mkuyu pamene amachitira sikelo. Foni inati kota pasiti teni. Anagwada, natsegula chivundikiro. Timabotolo ta ayisi tinali titasungunuka, koma tinali tozizirabe m'manja. Anatulutsa kabotolo ka katemera nakayang'anitsitsa pa chizindikiro chake, kabwalo kokhala ndi kabokosi pakati, kamene kamada katemera akatenthedwa. Kabokosiko kanali koyera. Anayang'ana kachiwiri, kachitatu, mpaka komaliza. Tonse tinali toyera.

Anatseka bokosilo msanga, nakhala pansi pang'ono, manja ali pa chivundikiro. 

Atadzuka anapeza Che Swaleh atatembenuza njinga, matayala ali m'mwamba, akuthira mafuta pa tcheni kuchokera m'kabotolo kamene ankayenda nako. A Kayange anali atapita kusukulu, ambulera yonyowa ili kukhwapa. Fainess anali atayala kale tomato wake.

Towera anafuna kunena chinachake, koma mawu amene anabwera anali aakulu kwambiri, osayenera munthu amene akupukuta tcheni.

"Che Swaleh," anatero, "kamtengo ka buluu kaja, titangodutsa kalavati. Ndi ka ndani?"

"Ka Nyamsukwa nakonso. Diresi la mwana wake wamkulu, amene ali ku Mzuzu." Anazunguza pedulo, namvetsera kulira kwa tcheni. "Ndidzabwera folo koloko. Madzi akhala atatsika, mwina msewu uyamba kuoneka."

"Mpunga upulumuka?"

"Madzi akachoka mawa, upulumuka. Mpunga sumira msanga."

Pagombe panali pataima kale bambo wina ndi thumba la chinangwa, ndi amayi awiri ofuna kukakwera minibasi ya ku boma. Che Swaleh anaimika njinga, namangirira thumbalo pa khushoni, nawauza kuti agwirane mapewa.

Towera anabwerera pa mkuyu. Anaponya chingwe pa nthambi, napachika sikelo, nasamba m'manja m'beseni limene mayi wina anabweretsa. Amayi anali atakhala pa mzere, timabuku ta kusikelo tili m'manja. Anatsegula kaundula, naika chala pa dzina loyamba.

"Nyachirwa, mwawuka uli? Bwerani nawo amapasawo."